Loweruka: Kuika Apongozi

Ndikulemba izi m'nyumba mopanda munthu, ndipo musavutike kundifunira wondilakwira, palibe. Milungu itatu yapitayi ndinazengedwa mlandu wofuna kupha apongozi anga, pabalaza panga pomwe, oweruza atakhala pa mipando yanga yomwe. Mlanduwo ndinapambana. Kungoti kapambanidwe kakeko ndi kamene kanandichotsera mkazi pakhomo. Ndatopa, abale, moti ngakhale mphamvu yodziikira kumbuyo ndilibe. Ndingokuuzani mmene zinayendera.

Timakhala ku mapoloti atsopano, mbali ya ku Palabana, kuja nyumba zimamera msanga kuposa misewu. Ine kwathu ndi ku Katete, ntchito ndimagwira ya boma ku Lusaka, yosunga mafaelo. Mkazi wanga, amake Taonga, ndi wakonkuno, kwawo ndi ku Nkomeshya, ndipo amasoka zovala pakhomo. M'mawa minibasi, madzulo minibasi, bondo langa pamsana pa munthu, thumba la munthu pa bondo langa. Pamwamba pa zonsezi ndinadzisenzetsa mitolo iwiri imene sanandituma aliyense. Woyamba ndi bulogu mukuwerengayi. Wachiwiri ndi buku, nkhani yaitali ya mlimi wa ng'ombe za mkaka amene akufuna kupha mkulu wake chifukwa cha malo. Bukulo lakhala pa mutu wachisanu ndi chiwiri kuyambira Taonga asanamere mano. Pano ali giredi thu, ndipo mano omwewo anaguluka kale.

Tsiku lina mu minibasi, khosi litapindika, ndinaganiza kuti vuto langa si ulesi ayi, koma kusowa dongosolo. Loweruka lake ndinapita kumsika ku Chongwe, ndinagula pepala lalikulu lolimba lija ndi zolembera zonenepa zitatu. Rula ndinabwereka ya Taonga. Ndinajambula mabokosi mwaluso, thukuta lili kamukamu ngati ndikumanga nyumba. Ofiira anali a buku, kuyambira ziro faifi mpaka ziro sikisi m'mawa. Abuluu anali a bulogu, kuyambira 18:40 mpaka 21. Obiriwira anali a banja, kuyambira 18 mpaka 18:40. (Inde, ndikukumvani. Sungani kaye mawu anuwo, kutsogoloku muwafuna.) Ndinakhoma ndandandayo pabalaza, pafupi ndi kalendala ya kutchalitchi, kuti aliyense aziona.

Amake Taonga anaima patsogolo pake, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Batate ba Taonga, ine nili mu bokosi iti?"

"Iyi yobiliwila."

"Aka kang'ono aka?"

"Ni kang'ono pa pepala chabe, koma ni nthawi yabwino maningi."

"Nanga nikafuna kukamba na imwe pa 15?"

"Muzasunga. Pa 18 muzaniuza vonse."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amachitira ndi kasitomala wobwera ndi nsalu yosakwanira. "Chabwino, bwana," anatero. "Koma ine pepala iyi sinizayang'anapo futi." Ndipo mkazi wanga akanena chinthu amasunga. Ankadutsa pakhomapo nkhope atayang'ana kumbali.

Milungu yoyambirira zinayenda, sindinama. Ndinkadzuka alamu ikangolira, kudzitsekera m'kachipinda kosungiramo chimanga kamene ndinakatcha ofesi, n'kulemba. Bulogu inkatuluka Loweruka lililonse pa teni koloko ndendende. Bokosi lobiriwira lokha ndilo linkavuta. Minibasi sidziwa ndandanda ya munthu. Kondakitala akati tidikire odzaza mpando wakumbuyo, mudikira. Ndinkafika pakhomo 18:30, nthawi zina 18:35, kusamba m'manja, kufunsa Taonga ngati walemba homuweki, alamu ya bulogu n'kulira. Kangapo konse amake Taonga anagogoda pachitseko cha ofesi.

"Batate ba Taonga, nifuna tikambeko."

"Ni vofulumila?"

"Awe. Lembani."

Ine n'kumalembadi, mtima uli m'malo, ndikudziyamikira kuti ndinakwatira mkazi womvetsa zinthu.

Ndiye Lamlungu lina, tikuchokera kutchalitchi, tinapeza apongozi atakhala pakhonde, thumba la mtedza pambali, nkhuku yomangidwa miyendo pansi pa mpando. Palibe amene anandiuza kuti akubwera. Ndinagwada chapatali, kuomba m'manja, kupereka moni monga mkamwini woleredwa bwino, koma m'mutu ndinali ndikuwerenga mabokosi anga. Apongozi anga ndi mayi wabwino, Mulungu andikhululukire, koma sadziwa kuchita chinthu mwakachetechete. Akamasesa amaimba. Akamaimba amayambira vesi loyamba mpaka lomaliza. Ndipo nthawi yawo yosesa ndi ziro faifi, kunsi kwa zenera la ofesi yanga.

Masana omwewo, ndikuwamva akunong'onezana ndi mwana wawo kukhitchini, nzeru ya mdyerekezi inandifikira. Ndinati, mmalo modandaula, bwanji ndilembe nkhani yoseketsa ya pa bulogu, mutu wake Apongozi? Aliyense ali nawo apongozi, anthu akaikonda. Ndinatenga zolembera zanga n'kudzaza mabokosi a mlungu umenewo.

Apa ndiyenera kuulula matenda anga ena. Ine mu minibasi ndimalankhula monga aliyense, nifuna, nipase, nifakileni apa. Koma ndikagwira cholembera ndimasanduka munthu wina. Ndimafuna Chinyanja chakuya, cha m'mabuku, chija ankatiphunzitsa ku Katete. Munthu wamba wa ku Lusaka akamaliza nkhani amati aifaka pa intaneti. Ine ayi, mawu oti kufaka ndinkawaona ngati a pa siteshoni. Ndinasankha kuika. Ndipo popeza mabokosi anali aang'ono, ndinkafupikitsa. Ndandanda ya mlungu umenewo inatuluka chonchi, mitundu yonse itatu itasakanikirana:

Lolemba: kuyamba apongozi.
Lachiwiri: kufunsa ba Tembo za mankhwala a nkhupakupa. Amapha pakapita nthawi yotani? Mu tiyi amamveka?
Lachitatu: kuwapangira apongozi tiyi ndi manja anga.
Lachinayi: kumaliza apongozi.
Lachisanu: kudula mutu.
Loweruka, teni koloko: kuika apongozi.

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, chilichonse pamenepo chinali ndi tanthauzo lake. Lachiwiri linali la buku, mlimi wanga uja ankafunika poizoni. Lachitatu linali la banja, chifukwa amake Taonga anandidandaulira kuti sindionetsa ulemu kwa amayi awo. Mutu wofuna kudulawo unali wa nkhani, poti ndinali nditauwonjezera mawu mpaka unatalika ngati chikalata cha kukhonsolo. Ndinabwerera m'mbuyo masitepe awiri, kuiyang'ana ndandandayo, n'kunena mumtima kuti koma mlungu uno ndiye wa ntchito.

Mukufunsa kuti sindinaope kuti awerenga? Ine ndinkadziwa kuti apongozi sadziwa kuwerenga. Ndinkawaona akumupatsa Taonga foni kuti awawerengere mauthenga. Sindinadzifunsepo kuti mwina vuto ndi zilembo zing'onozing'ono za pafoni. Sindinadziwe kuti mayi ameneyu anakhala mlembi wa amayi a kutchalitchi kwawo zaka zambirimbiri, ndiponso kuti Baibulo la Chinyanja analimaliza kangapo. M'Baibulomo, ndi pamaliro paliponse, munthu akamuika ndiye kuti amuika m'manda. Ndipo zilembo zanga zinali zazikulu ngati chala chachikulu.

Lolemba m'mawa ndikutuluka ndi chikwama, ndinawapeza ataima patsogolo pa ndandanda, tsache lili m'manja, milomo ikugwedera. Ndinaganiza kuti akusirira mitundu. Ndinawatsanzika mwaulemu. Anandiyang'ana n'kubwerera chafutambuyo mpaka anagunda sofa. Tsiku limenelo sanaimbe. Ine ndinathokoza.

Lachiwiri ndinafika msanga. Ba Tembo ndi aneba athu, amathandiza alimi a ng'ombe za mkaka kumbali ya ku Palabana, ndipo khutu lawo limodzi silimva bwino, choncho kulankhula nawo n'kukuwa. Ndinaima pampanda. Apongozi anali pakhonde akusenda mtedza, mamita ochepa chabe.

"Ba Tembo! Mankhwala aja ya nkhupakupa, munthu akamwa angafe?"

"Maningi! Ndaba chani?"

"Nifuna chabe kuziba. Apaya pamene apo, olo atenga nthawi?"

"Kulingana na thupi! Ngati ni nkhalamba sichedwa!"

"Nanga mu tiyi amveka?"

"Anunkha! Kaya ngati mwafaka shuga yambili!"

Ba Tembo ndi munthu wokoma mtima. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi botolo lopanda kanthu kuti ndikawerenge ndekha zolembedwa pambali. Ndinalitenga, ndinadutsa nalo pakhonde ndikuimba kamluzu, n'kuwauza apongozi kuti madzulo abwino. Mtedza unali utamwazikira pansi ponse. Ndinawathandiza kutola.

Kuyambira madzulo amenewo apongozi anasiya kudya chilichonse chophikidwa m'nyumba mwathu. Ankati akusala kudya, akupempherera banja. Ankatafuna mtedza wawo wauwisi ndi kumwa madzi otunga okha pampopi wapanja. Mayi woti amamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi tsiku ndi tsiku! Amake Taonga anawachonderera mpaka kutsala pang'ono kulira, iwo ayi, osanena chifukwa. Ine ndinazimva ndili mu ofesi, ndipo (Ambuye chitireni chifundo) ndinazilemba m'nkhani ija monga chitsanzo cha kuuma mutu kwa apongozi.

Lachitatu linali la tiyi. Minibasi inachedwa monga mwa masiku onse, ndinafika 18:30. Ndinathamangira kukhitchini tayi ili m'khosi, kuwauza amake Taonga kuti asagwire kanthu, lero ndipanga ndekha. Ndinathira masamba, mkaka, shuga masipuni anayi poti ndinamva kuti amakonda wotsekemera. Ndinanyamula pa thireyi, kugwada, kuika patsogolo pawo, kuomba m'manja.

"Amai, nabapangila tiyi. Na manja yanga."

Anayang'ana kapu, kenako ine.

"Nafaka shuga yambili," ndinawonjezera, kuti aone chikondi.

"Nili pa kusala, tata."

Ndinasuzumira pafoni. Inali 18:37. Bokosi lobiriwira linali likutha, ndipo ndinkafuna kuchonga pandandanda kuti ntchito ya Lachitatu yatheka. Ndiye ndinalankhula mawu amene ndidzafa nawo.

"Imwani chabe, amai. Nthawi yanu yasala pang'ono."

Apongozi anatseka maso n'kuyamba kupemphera mokweza m'chilankhulo cha kwawo. Alamu inalira. Ine ndinanyamuka mwaulemu, kusafuna kusokoneza pemphero, n'kukalowa mu ofesi. Tiyi uja ndinaupeza m'mawa atathira pa duwa lapakhonde, ndipo akuti tsiku lonse ankalizonda duwalo kuti aone ngati lifote.

Lachinayi ndinapempha kuweruka masana kuntchito kuti ndikamalize nkhani. Ndinatsika minibasi cha m'ma 15, ndikuyenda mopepuka. Pageti ndinaona njinga ziwiri zachilendo. Pabalaza ndinapeza anthu. Pa mpando wanga panakhala ba Langisoni, mlongo wawo wa apongozi, amene ndi amalume a mkazi wanga, munthu wosaseka chisawawa. Pambali pawo panali mkulu wa mpingo wa ku Nkomeshya, Baibulo lili pa bondo. Apongozi anakhala pamphasa pakona, nkhope atalozetsa kukhoma. Amake Taonga anaima pakhomo la kukhitchini, maso ali psuu. Pa tebulo panali ndandanda yanga, itazulidwa ndi misomali yomwe, ndipo pamwamba pake anaikapo botolo la ba Tembo.

"Nkhalani pansi, bamukamwini," anatero ba Langisoni. Sanaloze mpando. Ndinakhala pa simenti.

Anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga, pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, chala chikutsata. Kuyamba apongozi. Mankhwala. Tiyi. Atafika pa kumaliza apongozi, m'mutu mwanga munayamba kuwala. Atafika pa kudula mutu, mkulu wa mpingo anati "Yesu!" Atafika pa kuika apongozi, ndinamvetsa zonse nthawi imodzi, mtedza womwazika, kusala kudya, duwa lija. Ndipo ndinachita chinthu choipitsitsa chimene munthu angachite pamalo otero. Ndinaseka. Chinali chiphwete chenicheni, chotulukira m'mphuno, mpaka misozi.

"Aseka," anatero apongozi, akuuza khoma.

"Awe, amai, pepani! Ba malume, ni nkhani chabe! Nkhani ya pa bulogu. Apongozi ni mutu wa nkhani. Kuika ni kufaka pa intaneti kuti banthu babelenge."

"Kufaka?" anafunsa ba Langisoni.

"Kufaka."

"Manje ngati ni kufaka, chinakuletsani n'chani kulemba kufaka?"

"Nenze kufuna Chinyanja chakuya."

"Chakuya zoona," anatero mkulu wa mpingo. "Mamita yabili."

Ndinafotokoza za buku, za mlimi ndi mkulu wake, za mitundu itatu ya zolembera. Ndinanena kuti ba Tembo angachitire umboni. Ba Langisoni anamvetsera zonse osaphethira, kenako anavula magalasi.

"Ise za intaneti sitiziba. Ngati nkhani iliko, ibweletseni. Tibelengeleni tonse timve."

Apa ndipo thukuta linayamba. Abale, taganizani. Umboni wokhawo wosonyeza kuti sindinkafuna kuwapha apongozi unali nkhani yowanyoza apongoziwo. Ndinayesa kunena kuti batire yatha. Amake Taonga analowa mu ofesi, anatuluka ndi laputopu ndi chaja chomwe, anailumikiza kukhoma, n'kuima kumbuyo kwanga, pomwe akanatha kuona zilembo zonse.

Ndinayamba kuwerenga ndi mawu a munthu wodwala chimfine. Ndinawerenga za tsache la ziro faifi. Ndinawerenga kuti apongozi akati akhala masiku atatu, masiku akewo ndi aja a m'Baibulo, limodzi ngati zaka chikwi. Pamenepa mkulu wa mpingo anatsokomola modabwitsa n'kubisa pakamwa ndi Baibulo. Ndinawerenga kuti nkhuku imene amabweretsa amaidya okha ntchafu zonse ziwiri. Nditafika pa ndime ina ndinayesa kudumpha.

"Mwajumpha," anatero amake Taonga kumbuyo kwanga. "Bwelelani pamwamba."

Ndinabwerera. Ndimeyo inkati: Chimene amabwerera palibe amene amachidziwa. Amangotulukira ngati msonkho, kulanda khitchini, n'kumanong'onezana ndi mwana wawo tsiku lonse nkhani zopanda mutu, pomwe ena tili ndi ntchito yeniyeni yoti tigwire.

Nditamaliza, ndinkangomva nkhuku ija ikupalasa panja.

Woyamba kulankhula anali apongozi. Sanatembenuke. "Esinati," anaitana mwana wawo, "nipangile tiyi na buledi. Njala yanipaya." Anadikira mpaka tiyi anabwera, anamwa kapu yonse, ananyema buledi, tonse tikuwayang'ana. Manyazi amene ndinamva poona zimenezo sindinawamvepo chibadwire. Atapukuta pakamwa analankhula kwa mlongo wawo, poti kwa mkamwini salankhula mwachindunji nkhani zolemera.

"Ba Langisoni, bauzeni bamukamwini banu kuti mulandu wa kunipaya ulibe. Nabakhululukila. Vintchafu va nkhuku ni zoona, nimadya." Anapuma. "Koma bakuti sibaziba chamene nabwelela. Bauzeni. Mwana wanga ali na pakati, myezi inayi. Ku kiliniki banamuuza kuti magazi yathamanga, apumule, asanyamule vinthu volema. Anitumila foni alila, ati amai bwelani, kuno nilibe wokamba naye. Nichifukwa chake ivi va pa pepala sininamuuze, nenze kuyopa kuti angagwe. Nenze kuti olo banipaye ine, bola mwana apume."

Ndinatembenuka kuyang'ana mkazi wanga. Ine, wolemba, amene ndimadzitama pa bulogu pano kuti ndimaona zimene ena saona, amene ndingakuuzeni mtundu wa nsapato za kondakitala wa dzulo. Diresi limene anavala linali lachilendo, lotakasuka, losokedwa ndi manja ake omwe m'nyumba mwanga momwemo.

"Simunaniuze," ndinatero. Mawu opusa, koma ndi amene anatuluka.

"Ninagogoda kanayi," anayankha. Sanakweze mawu. "Nkhani yaso siyokambila pa chitseko. Pa 18:35 naine nenze kuona kuti siizakwana."

Ba Langisoni anapinda ndandanda yanga kanayi n'kundipatsa, ngati satifiketi. Chigamulo chinali chachifupi. Mayi wodwala akapumule kwa amayi ake ku Nkomeshya, kumene kuli anthu omuyang'anira. Taonga, poti sukulu inali itatsekera, apite nawo. Za kubwerera adzanena mwiniwake akadzafuna. Ndinayang'ana amake Taonga kuti mwina akana. Anali atayamba kale kuchotsa ulusi pa makina osokera.

Ananyamuka Lachisanu m'mawa. Ndinawanyamulira zikwama mpaka pamsewu. Makina osokera nawo anapita, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse, chifukwa munthu wopita masiku ochepa satenga makina. Apongozi pokwera anandiuza, kudzera kwa kondakitala, kuti nkhuku andisiyira.

Loweruka pa teni koloko foni inalira m'thumba, alamu imene ndinaiwala kuzimitsa, ndi mawu ake pagalasi: kuika apongozi. Nkhaniyo sindinaiike, sindinaifake, sindinaichite chilichonse. Ndinaifufuta. Ino mukuwerengayi aloleza okha apongozi, akuti palibe vuto bola wopusa m'nkhanimo ndi ine.

Tsono nthawi ndinaipeza, yonse imene ndinkailirira. Palibe wosesa, palibe woimba, palibe wogogoda. Ndikafika pakhomo ndimayatsa nyale ndekha, kudya buledi ndi mazira nditaimirira, kulowa mu ofesi, kutsegula laputopu. Mlimi wanga uja akadali chiimire ndi botolo lake m'manja pa mutu wachisanu ndi chiwiri. Milungu itatu sindinamuwonjezere ngakhale liwu limodzi. Ndimangokhala, khutu lili kuchitseko. Ndinayesa kuwaimbira foni amake Taonga. Ankayankha mwaulemu, kuti ali bwino, Taonga ali bwino, amayi apereka moni, kenako zii, mpaka ine ndinene kuti chabwino. Ndinkaopa kufunsa funso lenilenilo. Ndinkaopa kwambiri.

Loweruka lathali ndinalephera kupirira. Ndinakwera minibasi mpaka pomwe imathera, kwinako ndinakwera njinga ya hayala, shuga ndi sopo zili pa bondo. Laputopu ndinaisiya, foni ndinaizimitsa ndikadali panjira. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Taonga anandithamangira. Apongozi analandira katundu, ananditumizira munkoyo m'kapu yaikulu, n'kuuza mtengo wa mango kuti mkamwini asaope, mulibe mankhwala a nkhupakupa.

Amake Taonga ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pamphasa, miyendo atatambasula, akusoka kamalaya kakang'ono ndi singano ya pamanja. Nkhope inali itadzaza, maso atawala, ndipo zinandipweteka kuona kuti kupuma kwa ine kwawakomera. Ndinaima ngati mlendo, chipewa m'manja. Mawu onse amene ndinakonza mu minibasi, Chinyanja chakuya chokhachokha, anathawa.

"Nabwela," ndinatero.

"Naona."

"Nyumba yakula maningi."

Anamaliza mzere umene ankasoka, anadula ulusi ndi mano, kenako anasuntha pang'ono pamphasapo, kusiya malo okwana munthu mmodzi. Ndinakhala. Anayamba kulankhula, ine chete. Analankhula mpaka mthunzi wa nyumba unatipitirira, n'kukafika kumunda. Zina zinali zowawa, ndinazimeza. Zina zinandiseketsa mpaka m'mimba kupweteka. Pena anagwira dzanja langa n'kuliika pomwe anafuna kuti limve. Za tsiku lobwerera sananene, ndipo ine sindinafunse. Anangoti Loweruka likubwerali ndibwere ndi mafuta a makina, akuuma.

Pondiperekeza kumsewu anaima pafupi ndi khola la mbuzi, n'kundiuza chinthu china chimodzi. Abale, m'zaka zonse ndakhala ndikulemba sindinapezepo nkhani yokoma ngati imeneyo. Ili ndi poyambira, ili ndi pothera, mukanalira ndi kuseka nthawi imodzi. Ndikuyimva, zala zinayamba kundiyabwa, ndipo iye anaziona.

"Batate ba Taonga."

"Bamake Taonga."

"Ivi musalembe."

Ndiye pepani, owerenga anga. Imeneyo simudzaimva.